Tsiku Limene a Ezeliya Adataya Thobwa

A Ezeliya adagwa chagada pamwala wa padziwe la Kansenjere, ndowa yodzaza ili pamutu, dzuwa litatuluka kale moti palibe chimene chidabisika. Miyendo idaloza kumwamba, ndowa idagubuduka n'kukaima m'matope, ndipo chitenje chawo cha maluwa achikasu, chija adachigula ku Nsaru, chidaona kuti ntchito yake yatha n'kuyamba ulendo wakumunsi pamwamba pa madzi. Tsidya lina kudali amuna akuthirira nazale za fodya, pakati pawo pali mkulu wa mpingo. Onsewo adatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa mbande ngati n'koyamba kuona fodya, ndipo ulemu umenewo a Ezeliya amauthokoza mpaka lero. Amene sadatembenuke ndi a Marita, anzawo oyandikana nawo nyumba. Iwo adaseka mpaka kukhala pansi, kenaka adakavuula chitenje ndi ndodo, ndipo pobwerera kumudzi nkhani idali patsogolo, iwo pambuyo.

"Amake Rodgers," adatero popereka chitenje chonyowacho, "mukafuna kuvina muziyamba mwatiuza, tizibwera ndi ng'oma."

A Ezeliya adapulumuka ndi chigongono chosupuka basi. Koma chimene chidawakhala mumtima si chigongono kapena pakamwa pa a Marita. Mwala umenewo adayamba kuuponda ali kamtsikana, ankaudziwa ngati khonde la nyumba yawo, ndipo sudatererepo chiyambire. Tsikulo atauyang'ana bwino adaona kuti wavala ndere yobiriwira, yokhuthala, yonanda ngati therere. Adaikanda ndi chikhadabo, n'kuinunkhiza, n'kupukuta chala pachitenje. Sadauze munthu, koma ulendo wonse wopita kunyumba chala chimenecho adachitalikitsa ndi zinzake.

Aliyense amene adakhalako kuchigawo cha Kabudula amawadziwa a Ezeliya, ngakhale amene sadaonepo nkhope yawo, chifukwa adamwako thobwa lawo. Ndi mayi wa thupi, woyenda ngati ali ndi nthawi yambiri, wosakonda kukweza mawu. Amuna awo, a Wilson, amene adabwera chikamwini kuchokera ku Mpingu, adamwalira ana ali aang'ono, n'kuwasiyira mnyamata Rodgers, kamtsikana Rute, ndi migolo iwiri yodula pakati. Migolo imeneyo ndiyo idalera anawo. Paukwati, pamaliro, pomanga chiliza, ngakhale pa tsiku la msika, thobwa la a Ezeliya ndilo linkayamba kutha. Amayi ena ankati ali ndi chizimba. Ena ankati amathira shuga mwamseri. Iwo ankangomwetulira, chifukwa chinsinsi chake chidali poyera pomwe: madzi a padziwe la Kansenjere.

Mjigo utabwera m'mudzimo anthu adavina, koma madzi ake adatuluka amchere, okoma chitsulo. A Ezeliya adaphikirako thobwa kamodzi kokha. Atalawa adati likukoma ngati munthu walirira mumgolo, ndipo kuyambira pamenepo akamva mawu oti mjigo ankachita ngati wina watchula dzina la mkazi mnzawo.

Mtsinje wa Kansenjere uli ndi mwambo wake umene mwana aliyense amaudziwa asanadziwe kuwerenga. Kumtunda kwenikweni, padziwe, ndi potunga madzi akumwa. Kutsika pang'ono ndi potsukira mbale ndi kuchapa. Kenaka dooko la amayi, kenaka la abambo. Kumunsi kwenikweni, kumene mudzi umathera, ndiko komwera ng'ombe ndi kotsukira zonse zosayenera kutchulidwa anthu akudya, monga matewera ndi matumbo a mbuzi. Zonyansa kumunsi. Mwana akalakwitsa pamenepa khutu limatentha. Rodgers lake lidatenthapo kawiri, ndipo amene adalipotokola ndi mayi ake omwe.

Kale dambo lonselo lidali nsenjere ndi bango, mikuyu itaima m'mbali, ng'ombe zikudya. Kenaka kudayamba kubwera anthu a magalimoto ogula soya ndi mpendadzuwa, akuti n'zokayengera mafuta. Ena adabwera ndi mbewu ya msatsimanga n'kumati m'tsogolo muno magalimoto azidzamwa za kumunda, ndipo anthu adaibzala m'malire akuseka. Minda yakumtunda itadzaza ndi mbewu zogulitsa, chimanga, tomato ndi nazale za fodya zidatsikira kudambo. Nsenjere idapsa, bango lidatha, mikuyu idakakhala mizati ya zigafa. Anthu adalima mpaka khasu kunyowa, chaka chonse osapumitsa nthaka, akupalasa mapampu ngati ali paulendo wa njinga wosafika. Feteleza, manyowa a nkhuku, mankhwala a mbozi, ndi ena aja opha udzu amene adapumitsa misana ya anthu ku ntchito yopalira. M'mudzi mudawala malata. Njinga zamoto zidayamba kudzutsa anthu m'malo mwa atambala.

Mtsinje nawo udayamba kusintha zovala. M'dzinja unkafiira ngati tiyi wamkaka, m'chilimwe n'kubiriwira. Achule amene kale ankasokosa mpaka kusowetsa anthu tulo adayamba kuimba ngati kwaya imene theka lapita kumaliro. A Ezeliya adaziona zonsezi, koma ankagona m'nyumba ya malata imene adawafolerera Rodgers ndi ndalama za tomato, ndipo munthu sutukwana mtengo umene wakhala pamthunzi pake.

Rodgers adakwatira m'mudzi wakumtunda kwa mtsinje womwewo, n'kukakhala chikamwini monga adachitira bambo ake. Apongozi ake adamudulira dimba m'mphepete mwa madzi, ndipo mnyamatayo, kunena zoona, ndi wolimbika. Adagula sipuleya, ija yobereka kumsana, ndipo ankaibereka mwachikondi moti a Marita ankati mwana wake weniweni sadaberekedwepo chotero.

Chaka chimene a Ezeliya adagwa pamwala ndicho chimene Rute adapeza mwamuna, Mathews wa ku Kasiya. Chinkhoswe adachiika Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Rodgers, monga mlongo wake wa Rute, ndiye adali nkhoswe ya kuchikazi, ndipo adasoketsa jekete. Kuchimuna kudamveka mbiri yoti mayi ake a Mathews, a Benedeta, ndi munthu wa mphuno yakuthwa, woti akalowa m'nyumba amadziwa ndiwo zimene mudadya dzana. Iwowo adatumiza mawu akuti ku Kasiya adamva za thobwa la a Ezeliya, ndipo akubwera ndi ludzu.

A Ezeliya adameretsa chimera cha mawere chonse chimene adali nacho. Lachitatu m'mawa amayi a m'mudzi adathandizana kutunga madzi padziwe, limene nthawi imeneyo lidali litaphwa n'kutsala ngati beseni, madzi akungoyenda ngati safuna. Adakankha ndere ndi m'mbali mwa ndowa monga adazolowera, n'kudzaza migolo yonse iwiri. Lachinayi phala lidawira, chimera chidalowa, ndipo fungo lidafika mpaka kumsewu.

Tsiku lomwelo anapiye a abakha awo adafa.

A Ezeliya adali ndi abakha awiri aakulu, wamwamuna ndi wamkazi, ndi tiana tawo tachikasu timene tinkatsata mayi wawo pamzere kupita kudziwe. Masana adangoona tikubwera mwapendapenda ngati tamwa kachasu, makosi akupindika, ndipo dzuwa lisanapendeke tonse tidali gone kuseri kwa khitchini, miyendo itawongoka. Adatitola m'lichero lakutha n'kukatikwirira kudzala mwakachetechete. Adadziuza kuti ndi chitopa. Koma nkhuku zonse zidali bwinobwino, zikupalasa ngati kale, ndipo a Ezeliya adaweta abakha zaka zambiri moti ankadziwa kuti akudzinamiza.

Lachisanu m'mawa adapita kudziwe opanda ndowa. Chimene adayamba kumva ndi bata. Padalibe kachule kodumpha, padalibe kalikonse koyenda pamwamba pa madzi. M'mbali mwa mwala wawo uja mudali mbululu zitayandama, ndi timatemba titagadama, mimba zoyera zikuwala padzuwa. Adatsatira mtsinje chokwera, kudutsa mizere ya tomato, kulumpha ngalande, mpaka adatuluka m'malire a mudzi wawo n'kulowa m'madimba a mudzi winawo. Sadayende mtunda wautali. Munthu ataima pamenepo akhoza kuitana mnzake amene ali padziwe n'kuyankhana. Pamchenga padali banga lotuwa ngati pathiridwa mkaka, pambali pake kabotolo kopanda chitsekerero, ndipo kafungo kake kadawakanda kukhosi. Chapafupi, Rodgers adali atawerama akumangirira tomato ku timitengo.

"Rodgers! Tabwera kuno iwe."

"Amayi, mwalawirira kuno bwanji? Thobwa mwasiyira yani?"

"Ichi n'chiyani?"

Rodgers adayang'ana banga lija n'kukanda m'mutu. "Ndimatsuka sipuleya. Munali titsala ta mankhwala a mbozi, ndiye ndinakhuthula. Mawa lake ndimafuna kupopera ena, sasakanizidwa."

"Liti?"

"Lachitatu, mmamawa."

A Ezeliya adakhala pansi pomwepo, pamzere wa tomato wa eni ake.

"Koma amayi, ndatsuka kumunsi," adatero Rodgers, mawu ake akumveka ngati a mwana amene akudziwa kuti sadalakwe. "Onani, potunga pawo ndi uko, dooko la amayi uko, la abambo apo. Pano ndi pomwera ng'ombe. Zonyansa kumunsi, si mmene mudandiphunzitsira? Ndikakatsukira kumtunda apongozi angandipirikitse tsiku lomwelo. Aliyense kuno amatsukira pano."

"Kumunsi kwa apongozi ako," adatero a Ezeliya pang'onopang'ono, "ndi pakamwa pa mayi ako."

Rodgers adatembenuka n'kuyang'ana kumene madzi ankalowera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zimene adakhala kumeneko adaona mutu wa mwala wa padziwe ukuonekera kuseri kwa chimanga. Nkhope yake idatuwa ngati banga lija. Atamva za abakha ndi migolo iwiri adayamba kuyankhula mofulumira. Adati madzi ndi ambiri, mankhwala adali pang'ono. Adati phala lidawira tsiku lonse, moto umapha chilichonse.

"Mbewa yofa ndi mankhwala ukaiwotcha, galu akaidya amachira?"

Rodgers adangogwada n'kuwagwira mwendo. "Amayi, chonde musanene. Ine kuno ndine mkamwini, dimba ili si langa. Mawa ndine nkhoswe. Mukatchula dzina langa ndidzaima bwanji pamaso pa anthu a ku Kasiya? Ndipo Rute? Adzati kwawo amathira alendo mankhwala."

Pobwerera kumudzi a Ezeliya adayesa njira zonse m'mutu, ndipo zonse zidali zotseka. Chimera chidatha, ndipo china sichimera tsiku limodzi. Ngakhale akadagula cha pamsika, thobwa silipsa ndi mapemphero. Alendo akubwera mawa. Akataya, Rute achita manyazi pamaso pa apongozi ake tsiku loyamba lomwe. Akapanda kutaya, mwina palibe chichitike. Mwina. Mawu akuti mwinawo adawatsata njira yonse ngati galu wa eni.

Atafika adavundukula mgolo. Thobwa lidapsa bwino kuposa masiku onse, lofiirira, lonunkhira, tithovu tikuphulika pamwamba. Adanunkhiza mpaka mphuno kukhudza, osamva kanthu koma chimera. Ndipo chimenecho ndicho chidawaopsa kwambiri.

Kwathu kuno wophika thobwa sapatsa mlendo asanamwe yekha chikho choyamba pamaso pa onse. Timati kuchotsa ufiti. A Ezeliya adachotsa ufiti m'maukwati osawerengeka, ndipo nthawi zonse ankangoona ngati mwayi wonyowetsa kukhosi. Tsikulo adaganiza kuti ngati pali imfa mumgolomo, ndi bwino iyambe ndi iwo, ndipo iyambe lero, alendo asanafike. Adasesa m'nyumba, chifukwa sadafune kuti anthu obwera kudzalira akapeze zinyalala. Adasamba, adavala bulauzi yawo yoyera ya Chigwirizano cha amayi a mpingo, adatunga chikho chodzaza, adapemphera mwachidule, n'kumwa chonse. Kenaka adayala mphasa, n'kugona chagada, manja pachifuwa.

Malata ankathetheka ndi dzuwa. Thukuta lidayamba kutsika, ndipo iwo adati eya, yayamba. M'mimba mudalira kamodzi, adati ndi imeneyo. Chala chakuphazi chidachita dzanzi. Adayesa kupinda khosi kuti aone ngati likupindika lokha ngati la tiabakha tija. Mtima unkagunda m'makutu ngati mtondo wa anthu awiri. Adaganiza za Rute, kuti adzamuuza ndani mmene amasungira chimera kuti chisafumbwe, ndipo misozi idatsikira m'makutu.

Ndi mmene adawapezera a Marita, amene adalowa osaodira kudzabwereka sefa.

"Mayo! Amake Rodgers! Mwafa liti osatiuza?"

"Tsekani chitseko, anzanga."

"Ndiye mwadzisambitsa nokha, mwadziveka nokha. Bokosi mwakhomanso nokha?"

A Ezeliya adafotokoza zonse ali chigonere, maso ali kudenga: tiabakha, timatemba, banga la pamchenga. Dzina la Rodgers sadalitchule, koma a Marita si munthu wofuna kumutchulira dzina. A Marita adangotuluka, ndipo adabwera ndi chikho chomwecho chitadzaza.

"Madziwo tidatunga limodzi," adatero. "Ndiponso mukafa nokha, nkhani yake anthu sakandikhulupirira." Adamwa, adapukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Koma lakoma, mfiti inu. Sunthani."

Adagona pamphasa imodzi amayi awiri aakuluakulu, manja pachifuwa, akumvetsera mimba zawo. A Marita ankafunsa pafupipafupi kuti, "Inu mwayamba kuona mdima?" ndipo a Ezeliya ankati ayi. Nthawi ina a Marita adagwira dzanja la anzawo mwamphamvu, ndipo dzanjalo lidali lozizira. Adakhala choncho mpaka mbuzi zidayamba kubwerera kukhola. Palibe adafa. A Marita adadzuka, adadziwongola msana, n'kunena kuti njala ndiyo ikufuna kuwapha.

"Basi, lilibe kanthu. Mwataya sopo pachabe."

A Marita adalonjeza kuti sauza munthu, ndipo chodabwitsa n'chakuti adasungadi. Amati m'mawa mwake adadzuka milomo itatupa chifukwa cha kuiluma.

Loweruka anthu a ku Kasiya adafika pa lole, akuimba. Pabwalo padamangidwa chisakasa, mipando ya kutchalitchi itandandalikidwa, Rodgers ali kutsogolo m'jekete yake, thukuta lili kamukamu, osayang'ana kumene kudali mayi ake. Tambala wa kuchimuna ndi msoti wa kuchikazi zidali zitakonzedwa kale. Rute adali m'nyumba ndi anzake, akudikira kuitanidwa. Popeza alendo adayenda padzuwa, akuluakulu adati ayambe anyowetsa kukhosi mwambo usanayambe, ndipo anyamata adanyamula migolo iwiri ija n'kuiika pakati pa bwalo.

A Ezeliya adavundukula. Fungo lidayenda m'chisakasa monse, ndipo a Benedeta, mayi wamng'ono thupi wa maso akuthwa, adakweza mphuno n'kugwedeza mutu movomereza. A Ezeliya adagwada, adatunga chikho, n'kumwa pamaso pa onse. Anthu adaomba m'manja, wina adaimba nthungululu. Ufiti wachoka.

"Ayambe ana," adatero a Benedeta. "Afooka ndi dzuwa pa lole."

Ana adathamanga n'kupanga mzere, aliyense ndi kapu yake yapulasitiki. Patsogolo padali kamdzukulu ka a Benedeta, kamtsikana koguluka mano akutsogolo, kovala diresi yoti kadzakuliramo. Kadagwada bwinobwino monga kadaphunzitsidwira, n'kutambasula kapu ndi manja awiri. A Ezeliya adamiza chikho mumgolo.

Nthawi yomweyo abakha awo awiri adatulukira kuseri kwa khitchini n'kudutsa m'mphepete mwa bwalo, wamwamuna patsogolo, wamkazi pambuyo, onenepa, akugwedeza michira, athanzi ngati sadadwalepo. Wamkaziyo ankaima n'kucheuka, kuyang'ana mzere umene kale unkamutsata.

A Ezeliya adayang'ana abakhawo, n'kuyang'ana mzere wa ana. Abakha aakuluwo adamwa madzi omwewo, padziwe lomwelo, tsiku lomwelo. Koma adali bwinobwino. A Ezeliya ndi a Marita, amayi oti pokwera ngolo ng'ombe zimadandaula, adamwa chikho chimodzi chimodzi n'kudzuka. Ndiye zimenezo zidatsimikiza chiyani? Dzanja la kamtsikanako lidali lowonda ngati mthiko wa ndiwo. Thobwa lidali likudontha kuchokera m'chikho kubwerera mumgolo, ndipo iwo ankamva dontho lililonse. Adaona ngati akuona lichero lakutha lija.

"Agogo, thirani," kadatero kamwanako.

Mwina mulibe kanthu. Mwina. Adayang'ana Rodgers, ndipo Rodgers adayang'ana nsapato zake.

A Ezeliya adaika chikho pansi. Adakankhira kamwanako pambali mofatsa, adaimirira, adakunga chitenje, n'kuika phewa pamgolo. Anthu adaganiza kuti akufuna kuusuntha, mnyamata wina adanyamuka kuti awathandize. Mgolo udapendekeka, udaima pang'ono ngati ukufunsa ngati atsimikiza, n'kugwa. Thobwa lidasefukira pabwalo, lofiirira, lathovu, kuthamangira pansi pa mipando ya alendo. Amayi adakweza miyendo akukuwa. Asanatembenukire mgolo wachiwiri adamva nawonso ukugwa, ndipo pambali pake padaima a Marita akupukuta manja, nkhope ili gwa.

"Pirikitsani nkhuku!" adakuwa a Ezeliya, amene anthu sadawamvepo akukuwa. "Agalu, mbuzi, pirikitsani! Ana asaponde! Bweretsani makasu, kwirirani!"

Padali chipwirikiti. Ana ena adayamba kulira, anthu ena amati a Ezeliya azungulira mutu ndi ukalamba, ena amati mizimu ya a Wilson yakana ukwati. Bambo wina wa ku Kasiya, nsapato zake zatsopano zitamira, adafunsa mokweza ngati uku ndiko kulandira alendo kwa anthu a kuno. Rute adatulukira pakhomo, duku lili m'manja, ndipo nkhope yake a Ezeliya sadzaiiwala.

A Benedeta sadasunthe pampando, ngakhale thobwa lidawafika m'mapazi. "Mayi," adatero, mawu ali pansi koma aliyense adamva, "ife tabwera kudzatenga mbeta kapena kudzatukwanidwa? Mwatimana, kapena mudatikonzera china n'kusintha maganizo?"

A Ezeliya adagwada m'matope a thobwa lawo lomwe. Adanena za tiabakha, za timatemba togadama, za mankhwala a kudimba amene adalowa m'dziwe tsiku lotunga madzi. Adanena kuti dzulo adamwa, sadafe, ndipo sakudziwa ngati m'thobwamo mudali kanthu kapena ayi. "Sindikudziwa, amayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti abakha aakulu ndi awo akuyendawo, ana awo ali kudzala."

"Adathira ndani mankhwalawo?" adafunsa wina kumbuyo.

"Mtsinje ndi wautali," adatero a Ezeliya, osadzutsa mutu.

Anthu a ku Kasiya okha ndiwo ankadziwa kuti a Benedeta adakulira pa esiteti ya fodya, makolo awo ali matenanti, ndipo za mankhwala a kunazale sadachite kumva kwa munthu. Adaitana kamdzukulu kawo, adakalanda kapu ija, adaisuzumira m'kati ngakhale idali youma, n'kukakhazika pamiyendo pawo, dzanja atakazunguliza pamimba mwamphamvu moti kadayamba kudandaula.

"Chinkhoswe ndi nkhuku, si thobwa," adatero potsiriza. "Dzukani, asewere anga, mwadetsa chitenje. Ankhoswe, yambani."

Chinkhoswe chidachitika. Anthu adatsitsira nkhuku ndi madzi a pamjigo, nkhope zitakwinyika ngati akumwa mankhwala a malungo. Rodgers adayankhula bwino ndithu monga nkhoswe, ngakhale mawu ankamuthawa, adalandira tambala, ndipo adapatsidwa chiwalo chonona monga mwa mwambo.

Mpaka lero palibe amene akudziwa ngati m'migolo ija mudali imfa kapena thobwa chabe. Alipo amene amawerengabe zikho zimene adamanidwa. Rodgers adakumba dzenje kutali ndi madzi lotsukirapo sipuleya, koma m'madimba akumtunda muli masipuleya ambiri, ndipo mudzi uliwonse uli ndi kumunsi kwake. A Ezeliya tsopano amaphikira madzi a pamjigo. Thobwa lawo limakoma ngati la wina aliyense, ndipo pamsika limatsala. Ndowa iliyonse amayamba ainunkhiza, chifukwa mjigowo nawo suli patali ndi dambo, ndipo mwana akamamwa thobwa lawo amamuyang'anitsitsa mpaka akakhote pangodya, moti ana ena amawaopa. Padziwe sapitanso. Amati mwala uja tsopano suoneka n'komwe.

Koma mawu amene m'mudzimo amabwerezedwa kwambiri ndi amene adanenedwa tsiku lomwelo, alendo akudya. A Ezeliya ndi a Marita adali kumapeto kwa bwalo ndi makasu, akukwirira thobwa lotsala ndi dothi, uku amuna ena akudutsa akung'ung'udza za migolo iwiri yathunthu. A Marita, amene adasunga chinsinsi tsiku lonse lathunthu ndipo mphamvu zidawathera pomwepo, adatsamira khasu, adayang'ana kuchisakasa kumene Rodgers ankatafuna ntchafu ya nkhuku, n'kunena ndi mawu awo aja osadziwa kunong'ona:

"Inu mwataya migolo iwiri, mudzi wonse uli pamaliro. Mwana wanu wataya mtsinje wathunthu, ndiye tamupatsa mpando wakutsogolo ndi ntchafu."